John Dalton, Mphunzitsi Amene Anayeza Kulemera kwa Maatomu

Ganizo lakuti zinthu zonse zinapangidwa ndi tizidutswa tating'onoting'ono tosagawika, totchedwa maatomu, ndi lakalekale, pakuti Democritus wa ku Greece ankaliphunzitsa zaka zoposa 2,000 zapitazo, koma kwa nthawi yonseyo linali nkhani yapakamwa chabe, yopanda muyeso woitsimikizira. Amene analifikitsa pa sikelo anali John Dalton, mwana wa mmisiri wowomba nsalu, yemwe anabadwa m'chaka cha 1766 m'mudzi wa Eaglesfield, kumpoto kwa England.

Banja lake linali la mpingo wa Quaker, ndipo popeza mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ankakondera anthu a mpingo wa Church of England okha, Dalton anadziphunzira yekha zambiri, nayamba kuphunzitsa ana anzake ali ndi zaka 12. Atasamukira ku Kendal anapeza mlangizi wosaona, John Gough, amene anamuzamitsa m'masamu, ndipo mu 1793 anapita ku Manchester, kumene anakhala mpaka imfa yake.

Chodabwitsa n'chakuti njira yomufikitsa ku maatomu inayambira pa nyengo. Kuyambira mu 1787 ankalemba tsiku ndi tsiku za kutentha, mvula ndi mphepo, osatopa kwa zaka 57, ndipo chizolowezi chimenechi chinamubweretsera mafunso okhudza mpweya: chifukwa chiyani mitundu ya mpweya imakhala yosakanikirana mumlengalenga m'malo moti wolemera ukhale pansi, nanga chifukwa chiyani madzi amamwa mpweya wina mochuluka kuposa unzake? Pofunafuna yankho anaganiza kuti tizidutswa ta mpweya uliwonse tili ndi kulemera kwakekwake, ndipo mu 1803 analemba mndandanda woyamba wa kulemera kwa maatomu, atatenga haidirojeni, mpweya wopepuka kuposa wina uliwonse, kukhala muyeso wa 1.

M'buku lake la 1808, A New System of Chemical Philosophy, anafotokoza kuti elementi iliyonse, kutanthauza chinthu chosatheka kuchiphwanya kuti mutulukemo zinthu zina, ili ndi maatomu ofanana okhaokha, ndi kuti zinthu zikaphatikizana maatomu sawonongeka kapena kulengedwa, koma amangogwirana mwatsopano m'ziwerengero zathunthu. Umboni wake unali wogwirika. Kaboni ndi okosijeni zimapanga mitundu iwiri ya mpweya, ndipo pa kaboni wolemera mofanana, mtundu wachiwiri umatenga okosijeni wowirikiza kawiri ndendende, zimene zimamveka bwino ngati atomu imodzi ya kaboni ikugwirana ndi atomu imodzi ya okosijeni kapena ziwiri, popeza theka la atomu kulibe. Pophunzitsa ankajambula maatomu ngati timizere tozungulira tokhala ndi zizindikiro m'kati, ndiponso anali ndi timipira tamatabwa tosonyezera ophunzira mmene maatomu amalumikizirana.

Zina anaphonya. Ankakhulupirira kuti m'madzi atomu imodzi ya haidirojeni imagwirana ndi imodzi ya okosijeni, pamene zoona zake n'zakuti za haidirojeni zimakhala ziwiri, motero anapatsa okosijeni kulemera kwa 7 m'malo mwa 16. Komanso mu 1897 J. J. Thomson anapeza elekitironi, kusonyeza kuti atomu imagawika. Zolakwa zimenezi sizichepetsa ntchito yake, chifukwa amene anazikonza anatsata njira yake yomweyo yoyeza ndi kuwerenga.

Mtima wofuna umboni anali nawo ngakhale pa thupi lake. Dalton sankasiyanitsa bwino mitundu ina, moti duwa lofiirira ankaliona ngati lobiriwira ngati thambo masana, ndipo anafotokoza vutoli mu 1794, nalamula kuti akadzamwalira madokotala adzapime maso ake. Anamwalira pa 27 July 1844, ndipo anthu pafupifupi 40,000 anadzaona bokosi lake ku Manchester Town Hall. Lero muyeso umene asayansi amayezera kulemera kwa maatomu umatchedwa dalton.