Nyimbo za m'Foni pa Wailesi Yakale ya m'Galimoto

Magalimoto ambiri amene timakwera muno m'Zambia anayamba ayenda m'miseu ya ku Japan asanatsike pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Anadza ndi wailesi zao, za kaseti kapena za CD. Koma makaseti anasowa m'masitolo, ndipo nyimbo zathu tsopano zimakhala m'foni. Kodi tizule wailesi yamoyo ndi kutaya ndalama pogula ina? Iai. Ilipo njira yolumikizira ziwirizi, ndiyo Bluetooth.

Luso limeneli linayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden m'caka ca 1994, ndipo dzina lake linatengedwa kwa Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya zaka za m'ma 900. Foni imatumiza mau pa mafunde a 2.4 GHz, amene amafika mtunda wa mamita ngati 10. Wailesi yakale siimva mafunde otere, motero pafunika kacipangizo koima pakati monga womasulira: kalandire kwa foni, kapereke kwa wailesi.

Tisanagule kanthu tiyambe tayang'ana wailesi yathu, pakuti safunsa anadya phula. Ngati ili ndi kabowo kolembedwa AUX, ka mamilimita 3.5, nchito yacepa. Tigule kolandirira Bluetooth, tikalowetse m'kabowoko, ndipo mau adzamveka oyera. Ngati ndi ya kaseti, alipo makaseti amene alibe tepi m'kati koma ali ndi Bluetooth ndi batire yao. Amalowa monga kaseti wamba, malinga makina a wailesi akali kuzungulira.

Njira yacitatu, imene ambiri amathamangira, ndi FM transmitter. Imalowa m'soketi yoyatsira fodya, ya 12 volts, ndi kuulutsa nyimbo za m'foni ngati kasitesheni kakang'ono, ndipo wailesi imazigwira monga igwira sitesheni ina iliyonse. Apa ndipo pali msampha. Wailesi zambiri zakale za ku Japan zimagwira kuyambira 76 kulekezera 90 MHz, pamene ma transmitter ambiri amayambira ca pa 87.5 kufika 108 MHz. Malo okumanirana ndi ocepa, pakati pa 87.5 ndi 90 cabe. Amene acera pa 100 adzangomva kusokosera, nadzabweza katundu wabwino kusitolo ali wokwiya. Ngati m'galimoto anaikamo kale band expander, nambala yooneka pa wailesi siifanana ndi nambala yeniyeni, ndiye tifunefune ndi khutu. Tikumbukirenso kusankha nambala yopanda sitesheni. Imene ili cete ku Chipata mwina ili ndi mwini wake ku Lusaka, ndipo sitesheni yamphamvu imameza kathu kakang'ono.

Njira yacinai ndi ya wailesi zokhala ndi soketi ya CD changer kumbuyo. Pamenepo pamalowa adaputala yopangidwira mtundu womwewo wa galimoto. Mau ake ndi abwino kopambana a FM, koma wailesi iyenera kutulutsidwa m'malo mwake. Nchito iyi tiisiyire mmisiri wa magetsi a galimoto.

Zinthu ziwiri zikhudza thumba. M'magalimoto ena soketi ya fodya siizima ngakhale tacotsa kiyi, ndipo kacipangizo koiwalika masiku angapo kangathe kufooketsa batire. Caciwiri, Bluetooth yokha siidya mabando a intaneti, cimene cimadya ndi kumvera nyimbo zocokera pa intaneti nthawi yomweyo. Nkwanzeru kuzisunga m'foni tikali kunyumba, makamaka pa ulendo wautali wa pa Great East Road, pamene netiweki imabwera ndi kupita.

Cacikulu koposa ndi moyo wa amene tanyamula. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Woyendetsa amene aweramira foni masekondi 3 kuti asinthe nyimbo wayenda mamita 50 ngati wakhungu, ndipo mwana wodumpha mseu sadziwa zimenezo. Tilumikize foni ndi kusankha nyimbo galimoto isananyamuke. Zikafuna kusinthidwa panjira, foni tiipereke kwa amai kapena kwa mwana wokhala pambali, ife maso pamseu ndi manja pa ciongolero.