Zokuzira mau za gulu laling'ono: musagule nambala ya pabokosi

MOATIZE — Anthu akakolola, m'midzi ya pakati pa Moatize ndi Zóbuè mumachuluka maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya makwaya. Timagulu ta oimba timaitanidwa uku ndi uku. Magitala ndi ng'oma amakhala nazo. Chimene chimawasowetsa tulo ndi zokuzira mau, zomwe anthu kuno amazitcha aparelhagem.

Gulu lopanda zokuzira mau limabwereka, ndipo mwini wake amatenga gawo lalikulu la malipiro. Gulu logula mosafunsa nalonso limatha kutentha ndalama ya mbatata ya chaka chonse usiku umodzi, akwati asanadule n'komwe keke.

Ogula ali ndi njira ziwiri, zonse pa mseu wa EN7. A ku Moatize amakwera chapa makilomita pafupifupi 20 kupita mumzinda wa Tete. A ku Zóbuè ambiri amawoloka malire pa Mwanza mpaka ku Limbe. Wogula ku Malawi awerengere kusintha metikali kukhala kwacha, msonkho wa Alfândega, ndiponso ulendo wobweza katundu akapezeka wakufa. Akumbukirenso kuti mapulagi a ku Malawi ali ndi mano amakona, pamene masoketi a kuno ndi a mano ozungulira.

Msampha waukulu uli pa bokosi. Sipika ina imalembedwa mawati 3000 kapena 5000, pambali pake pali zilembo PMPO. Nambala imeneyo ndi yokopera ogula basi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yothandiza ndi yolembedwa RMS, chifukwa imanena mphamvu imene sipika ingapirire kwa nthawi yaitali. Masipika awiri a mainchesi 12, iliyonse ya mawati 200 kapena 300 RMS, amafikitsa mau a woimba bwinobwino pa bwalo la ukwati wa pamudzi.

Kuchulukitsa mawati kawiri sikuchulukitsa phokoso kawiri. Kumangowonjezera pang'ono, madesibeli 3. Koma pabwalo, mtunda ukachuluka kawiri mau amatsika ndi madesibeli 6. N'chifukwa chake kuimika masipika pamwamba pa mitu ya anthu, moyang'ana kumene akhala, kumapindula kuposa kugula chisipika chachikulu n'kuchisiya pansi. Maikolofoni ikhale kumbuyo kwa masipika. Ikakhala kutsogolo ndi pamene pamamveka kulira koboola m'makutu kuja.

Masipika alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi ampulifaya m'kati mwake. Amangofuna magetsi ndi waya wochokera ku mikisa. Ndi osavuta kulumikiza, ndipo imodzi ikafa inayo imamaliza ukwati. Ena amafuna ampulifaya yapadera. Ogwiritsidwa kale ntchito a mtundu umenewu amatsika mtengo ndipo amisiri a wailesi amatha kuwakonza, koma amafuna masamu. Masipika awiri a maohmu 8 akalumikizidwa pamodzi mbali imodzi ya ampulifaya amakhala maohmu 4. Akakhala anayi amatsika kufika pa 2, ndipo maampulifaya ambiri otsika mtengo sapirira zimenezo. Kumbuyo kwa ampulifaya kumalembedwa malire ake. Safunsa anadya phula.

Mikisa isagulidwe poona kuchuluka kwa timabatani. Gulu liwerenge oimba ndi zipangizo zake, liwonjezere mipata iwiri. Oimba atatu, kiyibodi, gitala ndi besi akwana pa mikisa ya mipata 8. Ng'oma pa bwalo laling'ono zimamveka zokha. Pa maikolofoni napo pafunika maso: Shure SM58, yomwe inayamba kupangidwa mu 1966, ndi yolimba, koma zonamizira dzina lake zadzaza m'misika. Ikatsika mtengo modabwitsa, ndiye kuti si yeniyeni.

Nkhani ina ndi magetsi. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwe chino, ku Songo, komabe midzi yambiri yotalikirana ndi mseu ilibe mawaya a EDM. Kumeneko gulu limadalira jenereta. Kajenereta kakang'ono kamene kakuyatsanso mababu ndi firiji ya zakumwa kamatsitsa mphamvu besi ikagunda. Mau amayamba kusasa, woyendetsa amakweza batani, kanyali kofiira kamayaka, kenako timasipika ta mau ang'ono timapsa. Jenereta ikhale ya mphamvu yoposa kawiri zimene zipangizo zikufuna, ndipo isagawidwe ndi firiji. Poyatsa, ayambe jenereta, kenako mikisa, ampulifaya pomalizira. Pozimitsa, ampulifaya ikhale yoyamba.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chiyambire mgodi waukulu wa malasha womwe kampani ya Vale inatsegula mu 2011, fumbi lakuda limalowa paliponse. Ampulifaya yotsekedwa mphepo ndi fumbi imazima yokha pakati pa nyimbo. Iikidwe pamthunzi ndipo izipukutidwa. Ku mapiri a Zóbuè mdani ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja, chimene chimachititsa dzimbiri m'mapulagi. Zipangizo zisagone pansi.

Tsiku logula, gulu lipite ndi woimba wake ndi maikolofoni yake. Nyimbo ya m'foni imakoma pa sipika iliyonse, koma mau a munthu sanama. Aimbe mokweza kwa mphindi 15, wina aime patali n'kumvetsera ngati mau akumveka limodzilimodzi, wina agwire ampulifaya ngati yatentha. Atenge lisiti, ndipo asungeko ndalama ya mawaya abwino ndi mitengo yoimikira masipika.

Asanasonkhe ndalama, alembe pa pepala pamaso pa mboni: wapereka zingati ndani, zipangizo zizisungidwa kwa yani, ndipo wochoka m'gulu adzalandira chiyani. Apo ayi, tsiku loyamba kusemphana mau, wina adzanyamula mikisa, wina sipika, ndipo ukwati wa Loweruka lotsatira udzaimbidwa ndi gulu la mudzi wina.