Madzi ndi msipu ndizo zimalamula nyengo yokaonera nyama zakutchire

LILONGWE – Chaka ndi chaka mabanja ambiri m'dziko muno amadikira tchuthi cha Khirisimasi, pamene maofesi amakhala atatsekera, kuti akaone nyama zakutchire ku Liwonde kapena ku Majete. Ena mwa iwo amabwerako atangoona tchire lowirira, matope ndi mapazi a njovu. Ndalama za mafuta ndi malo ogona zimakhala zitapita, masiku opuma atatha, ana osauona mkango umene analonjezedwa.

Nyamazo zilipo ndithu. Kuyambira mu 2003, pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalango ya Majete m'boma la Chikwawa, kumeneko kwabwezeredwa zipembere, njovu, akambuku ndi mikango. Bungwe lomweli linayamba kuyang'anira Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, ndipo njovu za ku Liwonde ndi Majete zinachuluka mwakuti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022. Chimene chimavuta alendo ambiri ndi kusankha mwezi wopitira.

Dziko lino lili ndi nyengo zitatu zikuluzikulu. Dzinja limayamba cha mu Novembala mpaka Epulo, chisanu chimatsatira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo chilimwe chimatenga Sepitembala, Okutobala mpaka kugwa kwa mvula yoyamba. Nyama zimayenda motsatira madzi ndi msipu, kotero nyengo iliyonse imaziika pamalo pena.

M'dzinja madzi amapezeka paliponse, m'zithaphwi, m'madambo ndi m'timitsinje. Njovu kapena njati sizikhala ndi chifukwa choyendera mtunda wautali kukamwa kumtsinje waukulu, choncho zimabalalika m'nkhalango yonse. Udzu umatalika kuposa munthu ndipo mitengo imadzaza masamba, moti njovu ikhoza kuima pafupi ndi msewu wodutsa osaiona.

Mvula ikaleka zinthu zimatembenuka. Zithaphwi zimaphwa chimodzichimodzi, udzu umauma n'kugwa, mitengo ya tsanya ndi milambe imayoyola masamba. Nyama zimakakamizika kusonkhana pamene patsala madzi: mumtsinje wa Shire ku Liwonde ndi ku Majete, pa nyanja yaing'ono ya Kazuni ku Vwaza, pa damu la Lifupa ku Kasungu ndi pa zitsime za ku Lengwe. Mikango ndi akambuku nazo zimalondola nyama zodya udzuzo. N'chifukwa chake miyezi ya Julayi mpaka Okutobala ndiyo imadziwika kuti ndi yabwino koposa kwa ofuna kuona nyama zikuluzikulu m'malo a m'zigwa.

Komabe m'miyezi ya ng'ambayi mulinso kusiyana kofunika kukudziwa. Meyi ndi Juni tchire limakhala lidakali lobiriwira, misewu itangoyamba kuuma, ndipo nyama zisanasonkhane kwenikweni. Julayi ndi Ogasiti kumakhala kozizira bwino, udzudzu utachepa, zomwe zimakomera mabanja a ana aang'ono ndi okalamba. Tchuthi chachitali cha sukulu chimagwanso m'nyengo yomweyi. Ulendo wa m'mamawa pa galimoto yopanda denga umafuna juzi kapena bulangete ngakhale ku Chikwawa. Iyinso ndi miyezi imene alendo ochokera ku Ulaya amachuluka, kotero malo ogona amadzaza msanga ndipo mitengo yake imakwera.

Sepitembala ndi Okutobala ndi pachimake pa kusonkhana kwa nyama. Njovu zimatsikira ku Shire m'magulumagulu, mvuu zimathithikana m'madziwe otsala, ng'ona zimaothera dzuwa m'mphepete. Koma kutentha kumakhala koopsa. Kuchigwa cha Shire kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo masana nyama zimabisala pamthunzi monga achitira anthu. Wopita m'nyengo imeneyi, mwachitsanzo pa tchuthi cha Tsiku la Amayi pa 15 Okutobala, ayenera kutuluka mbandakucha ndi madzulo dzuwa litapendeka, ndi kunyamula madzi akumwa okwanira. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimbanso mapiri, zomwe zimasokoneza okonda kujambula zithunzi za malo.

Lamulo la m'zigwali siligwira ntchito ku Nyika. Malowa, omwe ndi aakulu koposa onse osungirako nyama m'dziko muno, ali pamwamba pa phiri, mamita oposa 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneko kulibe tchire lowirira lobisa nyama, koma udzu waufupi woyalana m'mapiri, ndipo madzi sasowa chaka chonse. Chimene chimasuntha nyama ku Nyika ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimawauka usiku mpaka kupsereza udzu, ndipo mbidzi ndi ntchefu zambiri zimatsikira m'munsi mofunda. Kukayamba kutentha ndi kugwa mvula zimakweranso kudzadya msipu wanthete pafupi ndi Chelinda, pamodzi ndi zilembwe ndi mphoyo.

M'dzinja momwemo, makamaka Januwale ndi Febuluwale, ndi mmene maluwa a mtundu wa orchid amachita maluwa ku Nyika, komwe kuli mitundu yake pafupifupi 200. Motero banja lomwe lili ndi mpata pa Khirisimasi pokha lingapindule kwambiri litaloza ku Rumphi kusiyana ndi ku Chikwawa. Chofunika ndi galimoto yamphamvu yokoka ndi matayala onse anayi, popeza msewu wodzera pa chipata cha Thazima umaterera mvula ikagwa, komanso nkhungu imatha kutsekereza njira.

Ngakhale m'zigwa, dzinja lili ndi zabwino zake. Nswala ndi njiri zimabereka cha kumayambiriro kwa mvula, msipu utangophuka, kotero mu Novembala ndi Disembala mumaoneka tiana tambiri. Mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zimafika kuthawa chisanu cha kwawo ndipo zimakhala mpaka cha mu Malichi kapena Epulo, kuwonjezera pa mitundu ya konkuno. M'dziko muno mwapezekamo mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo okonda mbalame amaona dzinja ngati nyengo yawo. Malo ogona ambiri amatsitsanso mitengo kaamba ka kuchepa kwa alendo. Ku Liwonde, komwe dothi lamakande limamiza galimoto mvula ikalimbika, ulendo wa pa boti mumtsinje wa Shire umathandiza kuona mvuu, ng'ona, nkhwazi ndi njovu zobwera m'bango.

Zoopsa za dzinja siziyenera kuchepetsedwa. Malungo amachuluka, choncho masikito ndi mankhwala othamangitsa udzudzu ndi zofunika. Januwale mpaka Malichi ndi miyezi ya anamondwe m'chigawo cha kummwera. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga damu lopangira magetsi la Kapichira, lomwe lili pakhomo penipeni pa Majete, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu ndi milatho m'maboma ambiri a m'chigawochi. Wofuna kupita ku Majete, Lengwe kapena Mwabvi m'miyezi imeneyi ayenera kumvera malangizo a nthambi yoona za nyengo ndi kufunsa oyang'anira malowo asananyamuke.

Zomwezi zimachitikanso kutsidya kwa malire. Ku South Luangwa m'dziko la Zambia, komwe Amalawi ena amapita kudzera ku Mchinji ndi Chipata, misasa yambiri ya m'kati mwa nkhalango imatsekedwa m'dzinja chifukwa mtsinje wa Luangwa umasefukira, ndipo imatsegulidwanso mvula ikatha.

Nkhani ya nyengoyi imakhudzanso maofesi a boma. Akuluakulu okonza misonkhano ya maiko kapena olandira nthumwi zakunja kawirikawiri amapatula tsiku limodzi lokaonetsa alendo malo okopa. Nthumwi yomwe yapititsidwa ku Liwonde pa galimoto mu Febuluwale n'kukatitimira m'matope imabwerera kwawo ndi mbiri ina, pamene yomwe yapita mu Ogasiti n'kuona njovu zikuwoloka Shire imakafotokozera anzake. Popeza ntchito zokopa alendo ndi imodzi mwa njira zimene masomphenya a Malawi 2063 akudalira pobweretsa ndalama zakunja, kusankha malo ogwirizana ndi mwezi ndi mbali ya udindo wa okonza ndondomeko, kuphatikizapo ogwira ntchito m'maofesi a akazembe omwe amafunsidwa ndi ofuna kubwera kuno.

Kwa wogwira ntchito m'boma amene akukonza masiku ake opuma, funso loyamba likhale lakuti akufuna kukaona chiyani. Ngati ndi njovu, njati, mikango ndi zipembere, apemphe tchuthi pakati pa Julayi ndi Okutobala n'kupita ku Liwonde kapena ku Majete. Ngati ndi mbidzi, ntchefu ndi maluwa, Nyika imuyembekeza kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ngati ndi mbalame ndi ana a nyama pa mtengo wotsika, kumayambiriro kwa dzinja n'kokwanira. Nzika za dziko lino zimalipira ndalama zochepa pa chipata poyerekeza ndi alendo akunja, kotero ndi bwino kunyamula chiphaso cha unzika, komanso kusungitsa malo ogona kudakali miyezi ingapo ngati ulendowo ndi wa mu Julayi kapena Ogasiti.