Repu wanga wa mu ndowa anafa ndi kukhuta

Nyumba imene ticita lendi ku Chawama ilibe dothi ngakhale lokwana phazi. Pabwalo ponse ba landilodi anathila simenti. Koma kamtolo ka repu pamsika kamacepelacepela, ndipo pakati pa mwezi ndiwo imakhala nkhani. Conco ndinatola ndowa zisanu za malita 20 zakale za penti, ndinazitsuka, ndinaboola pansi ndi msomali wotentha, n'kubyalamo repu.

Milungu itatu yoyamba anakula bwino, mpaka ba neba anayamba kusuzumila. Kenako masamba apansi anayamba cikasu. Mnzanga wina mu minibasi yocokela ku City Market ati, “Boi, ni njala iyo, ikako cabe urea.” Ndinagula ya pamela, ndipo ndowa iliyonse ndinaipatsa dzanja lodzaza, masana, dothi lili louma gwa. Patapita masiku awili masamba anapsa m'mbali ngati awauka ndi moto. Ndowa zitatu zinathela pomwepo.

Mnzangayo sananame, inalidi njala. Mbeu ya m'munda imatambasula mizu kukafuna cakudya kwina, koma ya mu ndowa ili ngati mwana wotsekeledwa m'nyumba: imadya cokhaco cimene mwaipatsa. Ndiponso madzi amene mumathila tsiku ndi tsiku, makamaka mu October, amatuluka pansi atatenga cakudya. Colakwa canga cinali muyeso. Urea ndi wamphamvu, ali ndi naitrojeni 46 pelesenti, ndipo mu ndowa alibe kothawila. Akaculuka amakoka madzi m'mizu monga mmene mcele ucitila ndi nyama.

Apongozi anga atabwela kucokela ku Katete anayang'ana ndowa zija nati, “Atate, kodi mwana mumamudyetsa nsima ya mwezi wonse tsiku limodzi?” Ndinangokanda kumutu.

Manje ndimacita motele. Ndisanabyale, ndimasakaniza dothi ndi manyowa owola bwino, magawo awili dothi, limodzi manyowa, n'kuikako tuzitsekelo tuwili twa botolo la dilinki twa D Compound. Feteleza ameneyu ndi wa 10-20-10, ndipo nambala yapakatiyo ndi fosifolasi, wothandiza mizu. Mbeu ikagwila, kacitsekelo kamodzi ka urea ndimakasungunula mu malita 10 a madzi, ogawana ndowa zonse, kamodzi pa milungu iwili. Ndimayamba ndathila madzi wamba, ndipo ndimacita madzulo.

Koma cimene candithandiza maningi ndi ca apongozi. Manyowa a nkhuku amawamanga m'kasaka, n'kuviika m'cigubu ca madzi milungu iwili. Madziwo mumawasungunula mpaka aoneke ngati tiyi wa kumalilo, ndiye n'kuthila pa dothi, osati pa masamba amene mudzadya. Fungo lake lilipo, musaname kuti palibe. Cigubu canga cimakhala kuseli kwa cimbudzi, covundikila. Manyowa a nkhuku aawisi musayese kuika mu ndowa, amaocha mbeu.

Phulusa la pa mbaula nalonso lili ndi potashi, koma kangacepe cabe. Madzi ambili a mu Lusaka ali kale ndi laimu, mumaona zoyela zija mu ketulo, ndipo phulusa likaculuka mbeu imalephela kudya ngakhale cakudya cilipo. Madzi ocapila a sopo wa ufa nawonso ndinaleka, ngakhale pompi ikauma mtima umafuna. Mukaona zoyela pamwamba pa dothi, thilani madzi ambili mpaka atuluke pansi, ndipo mulekeze feteleza kwa kanthawi.

Tomato ndiye ali ndi khalidwe lake. Akayamba maluwa n'kupitiliza kum'patsa urea, amangokupatsani masamba okongola, zipatso zocepa.

Ndowa tsopano zafika zisanu ndi zitatu. Sizithetsa za kumsika, koma kawili kapena katatu pa mlungu amai a kunyumba amathyola repu pakhomo. Ba landilodi, amene poyamba ankadandaula kuti madzi adetsa simenti, mlungu watha anabwela ndi ndowa zao ziwili kuti ndiwaboolele.