Dzanja Lotaya Chala Libwerera ku Mpini

Kuno ku Feira, kumene Luangwa athira madzi ake mu Zambezi, chakudya cha banja chimachokera m'manja: pa mpini wa khasu, pa nkhafi, pa ukonde ndi pa bango loluka mphasa. Komweko zala zimatayikanso. Lamba wa chigayo, chikwanje, chingwe cha ng'ombe chokulungidwa kudzanja ndiponso mano a ng'ona zadula zala za anthu ambiri, ndipo chipatala cha mishoni cha Katondwe chakhala chikusoka mabala otere kwa zaka zambiri.

Chimene timaphunzitsa alimi athu n'chakuti kawirikawiri dzanja limalemala chifukwa cha kuuma kwa zala zotsala, kuposa chifukwa cha chala chotayikacho. Dzanja likatupa n'kubisidwa m'nsalu kwa milungu yambiri, mfundo zake zimauma ndipo zala zamoyo zimakana kupinda. Motero wovulala aziika dzanja pamwamba kuposa chifuwa, alandire katemera wa kafumbata, ndipo adokotala akangolola, ayambe kupinda ndi kutambasula zala zotsala kangapo pa tsiku.

Zala sizilingana ntchito. Cholozera chikachoka, chapakati chimaphunzira msanga kutola mbewu pamodzi ndi chachikulu. Ziwiri zakumapeto ndizo zimalimbitsa chibakera, ndipo wozitaya amaona khasu likumupulumuka. Chachikulu ndicho chofunika koposa, pakuti madokotala amachiwerengera pafupifupi magawo 40 pa 100 a ntchito ya dzanja. Ngakhale kachidutswa kake n'koyenera kusungidwa. Mu 1965 madokotala a ku Japan, Komatsu ndi Tamai, analumikiza chala chachikulu choduka, koma opaleshoni yotere imafuna akatswiri, zipangizo zapadera ndi kufika msanga. Kwa ife okhala kutali ndi Lusaka, mphamvu yathu ili m'masewera a zala ndi m'kukonza zida.

Bala likapola, chipsera chimanyerenyesa ndi kuwawa chikakhudzidwa. Chizolowetseni pochisisita ndi nsalu yofewa, kenaka povundula dzanja m'mbale ya chimanga. Kukanya dongo kumabwezera mphamvu. Mpini tiukulunge ndi mphira ya chubu kuti unenepe ndi kusaterera, ndipo wopanda chala chachikulu timumangire lamba wolowetsamo dzanja.

Achibale asamulande ntchito zonse pomumvera chifundo. Ayambe ndi kutong'ola chimanga, kenaka kuthirira dimba, ndipo khasu lidze pomalizira, dzanja litalimba.