Mapaipi a pulasitiki ndi ana obadwa masiku asanakwane

Mwana akabadwa mimba isanakwane masabata 37, nthawi zambiri amalephera kuyamwa ndi kupuma bwino. Mayi wa kuno ku Amaramba akatumizidwa naye ku chipatala chachikulu, monga cha ku Cuamba kapena ku Lichinga, amaona mwana wake ataikidwa kapaipi ka mkaka m'mphuno, ka mpweya, ndi ka diripi pamkono. Lero tikambirane za mapaipi amenewa.

Muli chiyani m'mapaipiwa?

Ambiri amapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa PVC, imene payokha ndi yolimba gwa. Kuti ifewe, opanga amathiramo mankhwala otchedwa DEHP. Vuto ndi lakuti mankhwalawa sagwirana kwenikweni ndi pulasitikiyo. Amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'zimene zikudutsa mupaipimo, makamaka zamafuta monga magazi ndi chakudya chopatsira m'mitsempha.

Kuopsa kwake n'kotani?

Kafukufuku wa pa makoswe anaonetsa kuti DEHP imaononga ziwalo zoberekera za amuna ndi kuchepetsa mbewu ya umuna. Mwana wosakwana masiku ali pachiopsezo chachikulu chifukwa thupi lake ndi laling'ono, chiwindi ndi impso sizinakhwime, ndipo amakhala ndi mapaipi masiku ambiri. N'chifukwa chake mu 2002 bungwe la FDA la ku America linalangiza zipatala kugwiritsa ntchito zipangizo zopanda DEHP pa ana aamuna akhanda, ngati zilipo. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2005, ofufuza ku Boston anayeza mikodzo ya makanda 54 n'kupeza kuti amene anaikidwa zipangizo zambiri zotere anali ndi mankhwalawa ochuluka m'thupi.

Kodi tikane mapaipi?

Ayi ndithu! Bungwe lomwelo la FDA linanenetsa kuti kumana mwana chithandizo n'koopsa kuposa mankhwalawa. Mwana wosowa mpweya, mkaka kapena magazi angathe kumwalira tsiku lomwelo. Musazule kapaipi, ndipo musathawe naye mwana m'chipatala.

Nanga tichite chiyani?

Tithandize mwana kukula msanga kuti mapaipi achotsedwe msanga. Njira yodalirika ndi ya kangaru, imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978. Mwana amaikidwa pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, atavala chipewa ndi thewera, n'kumangidwa ndi nsalu usana ndi usiku. Kafukufuku wa mu 2021 wa m'maiko asanu, kuphatikizapo Malawi, anapeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kunachepetsa imfa za ana ochepa sikelo ndi 25 pa 100 alionse. Mayi akatopa, bambo kapena agogo amulandire.

Mupatseni mkaka wa m'mawere wokhawokha. Ngati sangathe kuyamwa, anamwino akuonetsani kafinyidwe ka mkaka ndi kamwetsedwe ka pakapu akafika msinkhu wake. Mapaipi otha ntchito musapite nawo kunyumba kuti ana aziseweretsa kapena kutafuna.

Amayi oyembekezera, yambani sikelo msanga, gonani m'masikito ndipo imwani mankhwala oteteza malungo, pakuti malungo ndi amodzi mwa matenda ochititsa mwana kubadwa masiku asanakwane. Mukakaika pa chipangizo chilichonse chimene mwana wanu waikidwa, funsani anamwino kapena adokotala mopanda mantha. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.