Wogulitsa Mowa wa ku Mos Eisley

Anzanga okonda kanema, ndifuna kukamba nanu za munthu mmodzi amene ambiri a inu munamuona koma simunamsamale. Iye si mfumu, si ngwazi ya nkhondo, ndipo dzina lache silitchulidwa ngakhale kamodzi m'kanema yense. Nchito yache ndiyo kuthira mowa m'matambula ndi kulandira ndalama. Ndirikunena za wogulitsa mowa wa m'kanema wa Star Wars, amene anakonzedwa ndi George Lucas nayamba kuonetsedwa ku America pa 25 May 1977. Munthuyu aoneka kanthawi kochepa ndithu, ndipo mau ache ndi owerengeka, komabe ine ndiyesa kuti iye ndiye atidziwitsa bwino koposa makhalidwe a dziko limene nkhaniyo ichitikiramo.

Poyamba ndilongosole pang'ono chifukwa cha iwo amene sanaonere kanemayu. Star Wars ndi imodzi mwa nkhani zija zotchedwa nthano za sayansi, ndiko kuti nkhani zopeka zokamba za zombo zouluka pakati pa nyenyezi, za maiko akutali ndi zolengedwa zokhala m'menemo. Mnyamata wina, dzina lache Luke Skywalker, akhala pa munda wa Owen Lars, mbale wa atate wache, pa dziko lachipululu lotchedwa Tatooine limene liri ndi madzuwa awiri. Tsiku lina Owen agula makina awiri otha kuyenda ndi kuganiza okha. Makina otere ena amawatcha maloboti, koma musaganize za maloboti a pamseu oimitsa galimoto. M'kanemamo amatchedwa ma droid. Mmodzi ndi C-3PO, wamtali, wonyezimira ngati golide, womasulira zinenero ndiponso wamantha kwambiri. Mnzache ndi R2-D2, wamfupi wonga mgolo, wolankhula ndi mluzu wokha. M'kati mwa wamfupiyo munabisika chinsinsi cha chida choopsa cha boma lankhanza lolamulira nyenyezi zonse. Asilikali a bomalo, pofunafuna makinawo, apha Owen ndi mkazi wache. Tsono Luke pamodzi ndi nkhalamba Obi-Wan Kenobi apita ku Mos Eisley, mudzi wa doko la zombo, kukafuna woyendetsa chombo woti awatengere ku dziko la Alderaan. Oyendetsa zombo aluso amapezeka ku bala, motero iwo alunjika komweko.

Bala limeneli ndi lamdima ndi lautsi, ndipo pakona pali oimba a mitu ikuruikuru yopanda tsitsi alikuliza zitoliro zao. M'menemo mulikumwa zolengedwa za mitundu yonse: wina ali ndi nyanga, wina mutu wache uli ngati nyundo, wina maso ofiira, wina ubweya thupi lonse. Khomo la panja analijambula ku Ajim, pa chisumbu cha Djerba ku Tunisia, koma za m'kati anazijambula m'chaka cha 1976 ku Elstree, pafupi ndi London. Stuart Freeborn, amene analikupanga zigoba zobvala kumaso, anadwala nchito isanathe, ndipo Lucas sanakhutire ndi zimene zinajambulidwa. Chifukwa chache kuchiyambi kwa 1977 anajambulanso zithunzi zina ku California ndi zigoba zatsopano za Rick Baker ndi anzache, nazilumikiza ndi zoyambazo mwaluso kotero kuti woonera ayesa zonse zinachitika m'chipinda chimodzi.

Pakati pa zirombo zonsezi paima munthu wamba wonga inu ndi ine, wonenepa, wankhope yokwinya, wobvala malaya akuda ndi litsiro. Ameneyu ndiye wogulitsa mowa. Anasewera mbali imeneyi ndi Mngelezi wina dzina lache Ted Burnett, ndipo dzina lache silinalembedwe pa mndandanda wa osewera umene umaoneka kanema akatha.

Luke atangolowa pakhomo ndi makina ache awiri, wogulitsa mowayo apfuula kuchokera ku kauntala kuti a mtundu umenewo salandiridwa m'nyumba muno. Luke adabwa, osamva chimene alikunena. Munthuyo aloza ma droid aja nanenetsa kuti akadikire panja. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa akumwawo amene atembenuka kapena kufunsa chifukwa. Luke naye sakangana. Angouza C-3PO kuti ndi bwino akadikire pa galimoto lao kuti pasakhale mabvuto, ndipo C-3PO abvomera mwaulemu natuluka ndi mnzache. Zonsezi zitha msanga, munthu asanameze ndi malobvu omwe.

Taganizani bwino pamenepa, anzanga. M'nyumba imene wanyanga ndi waubweya alikumwera pa tebulo limodzi, m'nyumba imene mbala ndi wakupha anthu alandiridwa popanda funso, mukhalabe wina amene saloledwa kulowa. Woonera akangoona zolengedwa zosiyanasiyana zija amayamba kuyesa kuti m'dziko lino tsankho linatha kalekale, koma asanathe kuganiza motero, wogulitsa mowa amgwetsa mphwayi. Tsankho silinathe ai, langosamukira kwa ena.

Wina angathe kunena kuti munthuyu alikungosamala malonda ache, pakuti makina samwa mowa, ndipo akalowa angotsekereza malo a ogula. Chimenechi ndi choona ndithu, koma sichikwanira. Wamalonda wodandaula za malo akadanena za malo. Uyu alankhula za mtundu, ndipo alankhula ndi ukali wa munthu wonyansidwa. Komanso tikumbukire zimene kanemayo anationetsa kale tisanafike pa balapo. Tinaona ma droid alikugwidwa m'chipululu ndi timalonda tating'ono totchedwa Jawa, tinawaona alikuikidwa kachitsulo pa chifuwa kowaletsa kuthawa, tinawaona ataimikidwa pa mzere kuti ogula awasankhe monga mbuzi pa msika. Tinamvanso Owen alikulamula kuti chikumbumtima cha R2-D2 chikafafanizidwe, kuti aiwale mbuye wache wakale. Komatu makina omwewa achita mantha, akangana, akondana, ndipo mmodzi wa iwo wasenza chinsinsi chimene chidzapulumutsa maiko ambiri. Zonsezi tinaziona tirikuseka, osaziika pamodzi. Wogulitsa mowa ndiye woyamba kunena poyera chimene anthu onse a m'dzikomo alikuchita mwakachetechete.

Ndikhulupira kuti anthu a ku America amene anaonera kanemayu m'chaka cha 1977 anamva mau amenewa ndi khutu lina. Pa 1 February 1960 ophunzira anai achikuda anakhala pansi pa kauntala yodyera ya sitolo ya Woolworth ku Greensboro, m'chigawo cha North Carolina, nakanizidwa chakudya chifukwa cha khungu lao. Iwo anakana kuchoka, ndipo ophunzira a m'mizinda yambiri anatsanzira chitsanzo chao. Lamulo loletsa eni mahotela ndi nyumba zodyera kusankha anthu chifukwa cha mtundu linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndiko kuti zaka 13 zokha kanemayu asanatuluke. Lucas mwini wache anabadwa m'chaka cha 1944, motero zonsezi zinachitika iye ali mnyamata wamkuru. Sindirikunena kuti makina ndi anthu ali chimodzimodzi. Ndirikunena kuti mau a pa kauntala aja anali mau odziwika, ndipo akuru ambiri okhala m'nyumba za kanema anali atawamvapo ndi makutu ao.

Munthuyu achitanso zinthu zina zitatu, ndipo chiri chonse chitiphunzitsa kanthu. Luke alikumwa, zigawenga ziwiri zimputa, ndipo chimodzi chidzitama kuti chinaweruzidwa kuphedwa m'maiko 12. Obi-Wan ayesa kuziziritsa mitima yao powagulira chakumwa, koma iwo akana natulutsa mfuti. Apa wogulitsa mowa apfuula kuletsa mfuti. Nkhalamba ija isolola lupanga lache la moto nidula mkono wa mmodzi wa iwo. Oimba aleka kanthawi, kenaka ayambanso, ndipo onse abwerera ku matambula ao. Onani kuti mwini kauntala sanaletse ndeu pamene Luke analikukankhidwa. Chimene iye aopa ndi mfuti, pakuti mfuti iswa mabotolo ndiponso iitana asilikali.

Asilikaliwo afikadi, namfunsa, ndipo iye aloza kumene kwakhala alendo aja. Mwamwai Luke ndi nkhalamba anali atachoka kale, atapangana ndi woyendetsa chombo Han Solo kuti adzamlipira 17,000, ndiko kuti 2,000 pomwepo ndi 15,000 akakafika. Wogulitsa mowa sali kumbali ya boma, ndiponso sali kumbali ya olimbana nalo. Afuna kuti mawa adzatsegulenso bala lache, basi. M'maiko onse olamulidwa mwankhanza anthu otere ndiwo achuruka, ndipo nkhani ya ngwazi zokhazokha yopanda iwo ikadakhala yabodza.

Chachitatu ndicho chimandiseketsa ndi kundiopsa pamodzi. Han Solo aombera Greedo, wotumidwa kudzamlonjerera ngongole ya Jabba, ndipo mtembo ugwera pa tebulo. Potuluka Han aponyera wogulitsa mowa ndalama napepesa chifukwa chodetsa malo. Munthu wafa, koma mlandu wache watha ndi ndalama imodzi ya wokolopa. Amene munaonera makanema a makauboyi mudziwa kuti mwambo umenewu unachokera kumeneko, kumene bala la m'tauni ya m'chipululu silisowa mfuti ndi mwini wache wotopa ndi ndeu. Okonda Star Wars akhala akukangana zaka zambiri za amene anayamba kuombera, chifukwa m'chaka cha 1997 Lucas anasintha chithunzicho kuti Greedo aziyamba ndiye. Ine mkangano umenewo sundikhudza kwambiri. Maso anga ali pa ndalama ija.

Ife amene tiphunzira mabuku a Chingelezi m'kalasi tidziwa kale munthu wa mtundu uwu. M'sewero la Macbeth muli mlonda wa pachipata, woledzera, amene aoneka kamodzi kokha mfumu Duncan itangophedwa, ndipo nthabwala zache zitikumbutsa kuti nyumbayo yasanduka ngati gehena. Mukafunsidwa pa mayeso za anthu aang'ono a m'nkhani, musathamangire kunena kuti ali opanda nchito.

Tsono pakuti kanemayu anakondedwa kopambana, anthu sanakhutire ndi mphindi zochepazo. Olemba mabuku a pambuyo pache anampatsa munthu wathu dzina lakuti Wuher, nanena kuti iye ndi wolembedwa nchito chabe, mwini bala ndi Chalmun, wa mtundu waubweya uja wa Chewbacca. M'chaka cha 1995 munatuluka buku la nthano zazifupi lotchedwa Tales from the Mos Eisley Cantina, losonkhanitsidwa ndi Kevin J. Anderson, m'mene pafupifupi ali yense wa m'balamo anapatsidwa mbiri yache. Nthano ya Wuher inalembedwa ndi David Bischoff. M'menemo Wuher ndi katswiri wosanganiza zakumwa, wolakalaka kupanga chakumwa chokondweretsa Jabba, ndipo achipeza pogwiritsa nchito mtembo wa Greedo, mothandizidwa ndi droid wina amene iye anayamba wamkana. Nthano yonyansa ndithu, koma yoseketsa.

Kampani ya Disney inagula kampani ya Lucas m'chaka cha 2012, ndipo m'chaka cha 2014 kunalengezedwa kuti mabuku akalewo sawerengedwanso monga mbiri yeniyeni ya Star Wars. Motero m'chaka cha 2017, pokumbukira zaka 40 za kanema woyamba, munatuluka buku lina la nthano 40, ndipo Chuck Wendig anampatsa Wuher mbiri yatsopano. Iye analemba kuti makolo a Wuher anaphedwa ndi ma droid ankhondo iye ali mwana, ndi kuti anapulumutsidwa ndi ankhondo a lupanga la moto a gulu la Obi-Wan.

Kunena zoona, ine mbiri yachiwiriyi sindiikonda kwenikweni, ngakhale ndi yomvetsa chisoni. Ikamuika Wuher pa malo a mwana wamasiye, ipangitsa tsankho lache kuoneka ngati bala la mumtima la munthu mmodzi, limene tingathe kulimvetsa ndi kulikhululukira. Koma m'kanemamo mphamvu ya mau ache inali yakuti analibe chifukwa, ndipo panalibe womfunsa chifukwa. Ambiri okaniza anzao pa khomo sanalakwiridwe kanthu ndi iwo. Anangopeza mwambowo ulipo, nautsata. Wina wa inu akaganiza mosiyana, alembe m'magazini yotsatira, tidzamve.

Wuher sanali yekha pa kauntala imeneyo. M'sewero la pa wailesi ya kanema limene linaonetsedwa ku America pa 17 November 1978, Bea Arthur anasewera Ackmena, mai wogulitsa mowa m'bala lomwelo, amene boma litalamula kuti anthu asayende usiku, anawagulira akumwawo chakumwa chotsiriza nawaimbira nyimbo kuti apite kwao mwamtendere. Sewerolo anthu analinyoza kwambiri ndipo silinaonetsedwenso, koma ambiri amati gawo la maiyu ndilo linali labwinoko.

Bala la ku Mos Eisley linaonekanso m'chaka cha 2019, m'gawo lachisanu la sewero lotchedwa The Mandalorian, limene nkhani yache ichitika boma lankhanza lija litagwa kale. Zisoti za asilikali aja zapachikidwa pa mitengo yosongoka m'mbali mwa mseu, m'balamo muli anthu owerengeka, oimba palibe, ndipo Wuher saoneka. Kuseri kwa kauntala kwaima ma droid, ndiwo alikugulitsa mowa. Amene analankhula mau a mmodzi wa iwo ndi Mark Hamill, yemwe uja anasewera Luke m'chaka cha 1977 nauzidwa kuti atulutse makina ache panja.